Mbande za guayule zikundiwolera m'machubu

Wanazale wa ku Chinamwali:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wandipatsa mbewu ya guayule, kachitsamba ka m'chipululu kotulutsa mphira, kuti ndimufesere. Yamera yochepa, ndipo yomerayo ikuwola patsinde, pamene pagundana ndi dothi, n'kugwa. Ndafesa monga timachitira ndi bulugamu: dothi lakuda, manyowa, kuthirira m'mawa ndi madzulo.

Mayi a ku Thondwe:
Achimwene, madziwo ndi amene akupha. Kwawo kwa chitsambachi ndi chipululu cha Chihuahua, kumpoto kwa Mexico mpaka ku Texas, m'miyala ya laimu, kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo. Ndiye inu mwachiika m'dothi losunga madzi, ndi mvula ya Zomba ino! Manyowa achotseni. Tengani mchenga wa mumtsinje, musefe, muikemo dothi pang'ono ndi kalaimu, poti dothi la m'mphepete mwa phirili limakonda kukhala la asidi. Machubu muwakweze pathandala, pamwamba pulasitiki, m'mbali motsegula kuti mphepo izidutsa. Musanathirire pisani chala. Mukamva chinyontho, siyani.

Bambo a ku Domasi:
Za kumera mochepazo musadabwe. Njere zake n'zazing'ono, zambiri zimakhala mphwepwa, ndipo zimafuna kuwala. Musakwirire, ingowazani pamwamba n'kusindikiza ndi chikhatho. Koma kasitomalayo mumuuze msanga kuti mphira wake sakama ngati wa mitengo ya mphira ya ku Vizara ku Nkhata Bay. Uli mkati mwa khungwa, ndipo amadula chitsamba chonse n'kuchipera pamakina. Aamerika anachilima kwambiri kuyambira 1942, nkhondo itawatsekera mphira wa ku Asia.

Mayi a ku Thondwe:
China chikundidetsa nkhawa. Guayule dzina lake la sayansi ndi Parthenium argentatum, koma ali ndi m'bale wake, Parthenium hysterophorus, udzu woipa umene wavuta kale ku Ethiopia ndi ku Kenya, umayabwa khungu ndi kuwononga msipu. Masamba anuwo ndi otani? Guayule amakhala wotuwa, wa tiubweya tosalala. Winayo ndi wobiriwira, masamba ogawikagawika. Mutengere mbande imodzi ku National Herbarium, kwa akatswiri ozindikira zomera, m'tauni momwemu, akaione asanaitenge mwiniwake. Mumufunsenso chilolezo cholowetsera mbewuyo m'dziko muno.

Wanazale wa ku Chinamwali:
Zikomo amayi, zikomo abambo. Masamba ndi otuwa ndithu, komabe ku Herbarium ndipita Lolemba. Zotsalazo ndazikweza kale pathandala. Nanga poziika m'dothi latsopanolo, ndizule kapena nding'ambe chubu?

Bambo a ku Domasi:
Ng'ambani chubu, mizu yake sichedwa kuthyoka. Dothi lakale muligwedeze pang'onopang'ono litauma.