N'chifukwa chiyani Ayrton Senna amakumbukiridwa kuposa Nelson Piquet?

Wokonda Mipikisano:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ayrton Senna anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa magalimoto wa Formula One katatu, mu 1988, 1990 ndi 1991, ndipo Nelson Piquet, yemwenso ndi wa ku Brazil, anatenga ukatswiri womwewo mu 1981, 1983 ndi 1987. Nanga n'chifukwa chiyani dzina la Senna ndi limene limamveka paliponse? Kodi ndi imfa yake yokha imene inamutchukitsa?

Makaniko Wakale:
Ayi bambo, anthu ankamukonda akadali moyo, makamaka chifukwa cha kayendetsedwe kake mvula ikamagwa. Mu 1984, chaka chake choyamba mu Formula One, anathamangitsa dalaivala mnzake Alain Prost ku Monaco ali m'galimoto yopanda mphamvu kwenikweni ya timu ya Toleman, ndipo anathera pa nambala yachiwiri pamene akuluakulu anaimitsa mpikisano chifukwa cha mvula. Koma chimene sindiiwala ndi cha pabwalo la Interlagos ku Brazil mu 1991, pamene anapambana koyamba kwawo. Magiya anawonongeka mpikisano uli pafupi kutha, moti anamaliza ali mu giya ya 6 yokha. Aliyense amene anagwirapo chiwongolero akudziwa mmene galimoto imakanira kukhota ikakhala mu giya yaikulu. Atafika kumapeto, mapewa ndi mikono zinali zitauma, anachita kumutulutsa m'galimoto, ndipo chikho anachikweza movutikira. Nthawi imeneyo mitengo ya zinthu ku Brazil inkakwera mosalekeza, choncho munthu wokweza mbendera ya dziko lawo akapambana ankawatonthoza mtima.

Mphunzitsi Wopuma:
Zimenezo n'zoona, komabe tisamuyeretse mopitirira. Mu 1990 ku Suzuka, m'dziko la Japan, anagunda Ferrari ya Prost pa kona yoyamba, onse awiri n'kutuluka mumpikisano, iye n'kutenga ukatswiri, ndipo patatha chaka anavomera kuti sizinachitike mwangozi. N'zoona kuti anali ndi chidandaulo chifukwa chochotsedwa pa mpikisano wa pamalo omwewo mu 1989, koma pa liwiro lotere akanatha kupha mnzake. Ine ndimaona kuti Piquet amachepetsedwa mopanda chilungamo.

Mayi Wowerenga:
Aphunzitsi, za ku Suzuka sindikutsutsa, koma Senna yemweyo ndi amene anaimitsa galimoto yake ku Spa, m'dziko la Belgium, mu 1992, n'kuthamanga wapansi kukathandiza dalaivala mnzake Érik Comas amene anali atakomoka pa ngozi. Imfa ya Senna nayo inawonjezera, sitingakane. Anamwalira pa 1 May 1994 ali ndi zaka 34, galimoto yake ya Williams itawomba khoma pa kona ya Tamburello ku Imola, m'dziko la Italy, patangopita tsiku limodzi dalaivala mnzake Roland Ratzenberger atamwalira pa ngozi ya pabwalo lomwelo. M'galimoto ya Senna anapezamo mbendera ya Austria, kwawo kwa Ratzenberger. Boma la Brazil linalengeza masiku atatu a maliro, ndipo Prost anali mmodzi mwa onyamula bokosi ku São Paulo. Chaka chomwecho mlongo wake wa Senna, Viviane, anakhazikitsa bungwe la Instituto Ayrton Senna, limene mpaka lero limathandiza pa maphunziro a ana m'dzikomo, choncho ngakhale ana obadwa iye atamwalira kale amalidziwa dzina lake.