Amalume a mwana andifikira kusukulu chifukwa cha phunziro la ufulu

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Anzanga, ndigawireni nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 7 pa pulayimale ina kuno kumudzi. Sabata yatha tinali pa mutu wa ufulu wachibadwidwe, ndipo ndinawauza ana kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola munthu kulowa m'banja asanakwanitse zaka 18, ngakhale makolo avomere. Sindinadziwe kuti m'kalasimo muli mtsikana wa zaka 15 amene anamupezera kale mwamuna wa ku Joni, foni anatumiza kale. Mwanayo atafika kwawo anakana ukwati, akuti aphunzitsi anena. Lolemba m'mawa amalume ake anandipeza ndikusesetsa ana pabwalo. Mawu awo anali akuti, "Aphunzitsi, mwini mbumba ndine. Inu phunzitsani masamu." Ahedi angoti ndisamale. Kodi ndipitirize bwanji osadana ndi mudzi wonse? Nyumba imene ndikukhala ndi ya m'bale wawo.

Agogo a Chisomo:
Aphunzitsi, vuto linayamba ndi liwu lomwelo. Ufulu unafika m'midzi mwathu pamodzi ndi matipate, pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Anthu anaumva ngati kuti tsopano palibe woletsa mnzake. Mwana akatukwana, akulu ankati ndi demokalase imeneyo. Ndiye inu mukati "ufulu wa mwana", amalumewo akumva kuti "mwano wa mwana". Ine ndikanakhala inu, liwulo ndikanalisiya kaye. Ndikanawafunsa kuti mbumba yawoyo ikakapezeka pa tebulo la opaleshoni chifukwa chiuno sichinakhwime, adzayankha ndani pamaliro? Umwini mbumba si kulandira foni kokha ayi.

NaPhiri_Lilongwe:
Musalimbane nawo nokha. Ku Dedza komweko Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, mpaka kuimitsa nyakwawa zimene zinkalekerera. Palibe anawauza kuti akubweretsa zachizungu, chifukwa mwini mwambo anali iwowo. Pitani kwa agulupu anu, mutengane ndi amayi a mother group. Ndipo anankungwi musawaiwale. Mawu awo kutsimba amalemera kuposa buku lanu.

Chikondi M.:
Ine ndikutsutsako pang'ono. Chilichonse timangoti chikhalidwe, chikhalidwe. Kodi mwafunsa ngati pakhomopo pali chimanga? Mchemwali wanga anakwatiwa ali Fomu 1, ndipo panalibe mwambo uliwonse, anasowa fizi basi. A mabungwe amabwera ndi galimoto, kuphunzitsa anthu masiku awiri, kugawa Fanta ndi alawansi, kenako zii. Amalumewo mwina nawonso anakhalapo pa maphunziro oterowo, malamulo akuwadziwa bwinobwino. Mukathetsa ukwatiwo, yunifolomu ndi sopo agula ndani?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo nonse. A Chikondi mwalasa: bambo a mwanayu anamwalira, mayi ake amadalira maganyu, ndipo mwamuna wa ku Joniyo ndi amene anagula feteleza chaka chatha. Dzulo ndinapita kwa agulupu ndi amayi awiri a mother group. Atilandira bwino, ati aitanitsa amalumewo Loweruka, koma andichenjeza kuti pabwalopo ndikakhale chete, akalankhule ndi amayiwo. Mtsikanayo lero wabwera kusukulu. Za fetelezazo sitinapezebe yankho, chifukwa akuchimuna ayamba kale kunena kuti abwezeredwe.