Kodi penti wofiira ndi woyenera pabalaza ngati ndikufuna kutsatira mwambo wa ku China?

Nabanda: Ndakhala ndikupita ku Guangzhou kukagula katundu wa malonda kwa zaka zinayi, ndipo zipata zofiira za akachisi ndi nyumba zakale za kumeneko zinanditenga mtima. Tsopano nyumba yanga yatha, kwangotsala penti. Sabata yatha ndinagula chitini cha malita 5 cha penti wofiira n'kupaka khoma limodzi la pabalaza poyesa, koma chipinda chinada moti timayatsa magetsi dzuwa likuswa mtengo, ndipo apongozi anga atalowa anafunsa ngati tikutsegula butchala. Kodi ndalakwitsa pati, nanga eni mwambowo amasankha bwanji mitundu ya m'nyumba?

Bambo Mwale: Mayi Nabanda, mtunduwo simunaulakwitse, koma malo amene mwaupakawo. Pa nyumba yachifumu ya ku Beijing, yotchedwa Forbidden City, imene inamangidwa kuyambira mu 1406 mpaka mu 1420, chofiira chili pa mipanda, pa zipata ndi pa nsanamira zamatabwa, zinthu zimene zimaonedwa panja pa dzuwa kapena m'zipinda zikuluzikulu za denga lalitali kwambiri. Pabalaza panu si potero. Mukaona nyumba za anthu wamba, monga za ku Suzhou kapena za m'mudzi wa Hongcun m'chigawo cha Anhui, mupeza kuti makoma ndi oyera ndi laimu, denga ndi la matailosi otuwa modera, ndipo mipando ndi mafelemu a mazenera ndi a matabwa akuda. Chofiira chimabwera pang'onopang'ono: mapepala olembedwa mafuno abwino omwe amamata pa chitseko pa chaka chatsopano, nyali zolendewera, nsalu ya pampando. Ine ndikanakhala inu, penti wotsalayo ndikanapaka chitseko cha kumaso, makomawo n'kuwabwezera ku mtundu woyera wopita ku mkaka. Dziwaninso kuti chofiira chimavuta kuphimba, choncho muyambe mwapaka penti wapansi musanapake woyerayo kawiri.

Nachisale: Ndiwonjezere za chiphunzitso chimene chimalamulira mitunduyi, chotchedwa wuxing, chimene chimagawa chilengedwe m'magulu asanu. Mtengo umayendera chobiriwira ndi kum'mawa, moto chofiira ndi kumwera, dothi chachikasu ndi pakati, chitsulo choyera ndi kumadzulo, pomwe madzi amayendera chakuda ndi kumpoto. Chachikulu si kuloweza mndandandawu ayi, koma kudziwa kuti zina zimadyetsana ndipo zina zimagonjetsana: mtengo umadyetsa moto, moto umasiya phulusa limene limasanduka dothi, koma madzi amazimitsa moto ndipo moto umasungunula chitsulo. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa chili m'nyumba yachifumu yomweyo. Madenga ambiri kumeneko ndi achikasu, mtundu umene unali wa mfumu yaikulu, koma nyumba yosungiramo mabuku ya Wenyuan Ge inafoleredwa ndi matailosi akuda, poti chakuda ndi madzi, ndipo mdani wamkulu wa mabuku ndi moto. Ndi maganizo omwewa akatswiri ambiri a feng shui, luso la ku China la kakonzedwe ka nyumba ndi malo, amaletsa kuchulukitsa chofiira kukhitchini, kumene moto ulipo kale, ndiponso kuchipinda chogona, kumene munthu amafuna kupumula. Kumeneko amakonda mitundu ya dothi, monga chikasu chofuwa kapena mtundu wa mchenga.

Bambo Gondwe: Zonsezi ndi zoona, koma pali chenjezo limodzi kwa ife okhala kumwera kwa equator. Anthu a ku China analumikiza kumwera ndi moto chifukwa kwawoko dzuwa la m'nyengo yozizira limaoneka chakumwera, n'chifukwa chake nyumba zawo zakale zimayang'ana kumeneko. Kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, ndipo ngakhale akatswiri a feng shui sagwirizana ngati mbalizi ziyenera kutembenuzidwa kapena ayi. Ine ndimati munthu aone kuwala kwa m'nyumba yake: pakani kachigawo kofanana ndi thireyi pa khoma lililonse, mukayang'ane m'mawa, masana ndi usiku magetsi atayaka. Za choyera musade nkhawa mukamva kuti ku China chimayendera maliro, chifukwa zimenezo zimakhudza kwambiri zovala ndi maluwa, osati makoma a nyumba.

Nabanda: Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana m'chitinimo ndipo mwatsala penti wokwanira chitseko cha kumaso ndi kabati yaing'ono yoikamo mbale. Mazenera a pabalaza anayang'ana kumwera, ndiye mwina n'chifukwa chake khomalo linada chotero mwezi uno wa Juni. Bambo Mwale, kodi penti wapansi amene mwatchulayo akhale woyera kapena wotuwa, poti khomalo ndinalipaka chofiiracho kawiri?