Boti lija lagulidwa, lili ku Cape Maclear

Ndabweranso pa nkhani ya boti la matanga lija ndinkafunsa kuti ndiligulitse bwanji, poti ndinalephera kumaliza kulikonza. Linakhala kuseri kwa nyumba ku Chilomoni zaka zitatu, mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira m'kati mwake. Zikomo nonse amene munayankha, makamaka achimwene amene munandiuza kuti ndisiye kuwerengera ndalama zomwe ndinalowetsamo. Zinandiwawa, koma munanena zoona, wogula amangoyang'ana ntchito yomwe yatsala.

Ndinamveranso amene munati ndisagulitse zonse pamodzi. Injini ya Yamaha inapita koyamba, anagula msodzi wina wa ku Mangochi tsiku lachiwiri lomwe. Botilo, mlongoti ndi matanga zinatenga milungu isanu. Mu Blantyre muno anthu amangobwera kudzaona n'kumaseka, nyanja ili kutali. Nditatumiza zithunzi kwa anthu a kunyanja m'pamene mafoni anayamba kulira. Sindinabise kanthu, ndinajambula ngakhale thabwa lomwe chiswe chinadya ndi mng'alu wapansi. Bambo amene anagula, a loji ina, anati kusabisa kanthuko n'komwe kunawakopa.

Pomwe ndinapusa m'pa ngolo yokokera botilo. Matayala ankaoneka bwino koma anali atawola ndi dzuwa, limodzi linaphulika tisanafike n'komwe ku Zomba, tinakhala pamsewu maola atatu. Yang'anani matayala ndi mabering'i musanagwirizane tsiku, ndipo mumvane kaye amene alipire mayendedwe. Ife tinakangana pang'ono, kenako tinagawana pakati.