Madamu athu a ku America akumangodzitsekera m'nyumba, tiwathandize bwanji?

Mphunzitsi wa ku Malindi

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Chingerezi pa CDSS ina kuno ku Malindi, m'boma la Mangochi, ndipo kuyambira Seputembala tili ndi mphunzitsi wochokera ku America, mtsikana wa zaka 24, yemwe akhale nafe zaka ziwiri. Ahedi anandiuza kuti ndiziwayang'anira poti nyumba zathu n'zoyandikana.

Pantchito palibe chodandaula. Azana ya m'bandakucha ikangomveka kumzikiti, iwo adzuka. Amakatunga okha madzi pamjigo, ngakhale kusenza ndowa sanakuzolowere, amangonyamula m'manja. Akoleza mbaula, amwa tiyi, 7 koloko ali kale m'kalasi. Anawapatsa Fomu 1 ndi Fomu 3. Mu Fomu 1 muli ana 94, mabuku 11 okha. Masabata oyamba ana sankamva kanthu, chifukwa madamu akati water ife timamva ngati "wara". Pano amayankhula pang'onopang'ono n'kumalemba mawu pabolodi, ndipo ana ayamba kukweza manja.

Chikundisowetsa mtendere ndi masana. Tikaweruka cha m'ma 2 koloko amalowa m'nyumba, kutseka chitseko ndi makatani omwe, ndi kutentha kwa Okutobala kuno, denga la malata lopanda siling'i. Ana a m'mudzi amaunjikana pawindo n'kumakuwa kuti mzungu, mzungu. Dzulo mayi a kunyumba anakawapatsa utaka, n'kuwapeza maso ali ofiira. Akuti amayankhula ndi mayi awo pa WhatsApp, poti kwawoko kumacha kuno dzuwa litapendeka kale. Chichewa anaphunzira ndithu asanabwere pasukulu pano, koma pamjigo ndi pamsika anthu amacheza m'Chiyao, ndiye amangoima ngati mtengo.

Ine ndine mwamuna, sindingamagogode pakhomo pa mtsikana tsiku ndi tsiku, anthu angayambe kunena zina. Kodi tiwasiye, mwina ndi chikhalidwe cha kwawo kukhala okha? Kapena titani?

Abiti wa ku Namwera

Aphunzitsi, musawasiye. Ine ndinakhalapo moyandikana ndi mtsikana wotero zaka ziwiri, ndipo tsiku lomwe ankachoka tinalira tonse.

Utaka munachita bwino, koma munthu wongolandira amatopa, amayamba kudziona ngati wodwala. Mayi a kunyumbawo apite akawapemphe kanthu. Akati, "Madamu, tiyeni mukandithandize kusinja mtedza," kapena awapereke mwana kuti amubereke pomwe iwo akuphika. Wathu uja anamasuka tsiku lomwe tinamutenga kumaliro. Tinamuveka chitenje ndi duku, anakhala nafe pansi, anatsuka mbale limodzi ndi azimayi. Kuchokera pamenepo anthu anasiya kumutcha mzungu, anamupatsa dzina lathu.

Chiyao sichifuna zambiri poyamba. Angodziwa "ajimwiche uli" ndi "sikomo", agogo a pamjigo adzachita kuwakokera pamphasa. Mwezi wa Ramadhani ukadzafika muwauze kuti ana ambiri amakhala ali pa swaumu, asamamwe madzi pamaso pawo m'kalasi, ndipo asadabwe akamawodzera masana. Madzulo ake mudzawaitanire ku futali wa mbatata.

Ana a pawindowo auzeni amfumu ndi ashehe a kumadrasa. Mawu amodzi a ashehe amaposa kukalipa kwanu kwa mwezi wonse.

Wa ku Chiponde

Nkhaniyi yandikhudza chifukwa ine ndinakhalapo madamu ameneyo. Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zitatu pa sukulu ina yapulaiveti ku Lichinga, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Ndinkaganiza kuti poti n'kungodutsa pa Mandimba, ndipo Chiyao ndi Chinyanja amayankhula, sindidzamva chilendo. Ayi ndithu. Msonkhano wa aphunzitsi wonse m'Chipwitikizi, ine kumangoseka ena akaseka. Chaka cha sukulu chimayamba cha mu Febuluwale, ndiye ana anga kuno akakhala pa holide ine ndili pantchito. Malipiro a metikali ndinkangowasintha m'mutu kukhala makwacha. Ndipo Lichinga ndi pamtunda, mu Juni kumazizira moti mwana wa kunyanja ngati ine ndinkagona ndi jekete.

M'kalasi umakhala munthu, uli ndi choko, ukudziwa chochita. Belu lomaliza likalira umasanduka kamwana kosadziwa ngakhale kunenerera tomato. Kudzitsekerako si kunyada, mutu umakhala watopa ndi kumvetsera chinenero chachilendo tsiku lonse. Choncho ola limodzi kapena awiri muziwasiya apume. Koma cha m'ma 4 koloko pakhale chowatulutsa, chomwechomwecho sabata iliyonse. Ine anandipulumutsa ndi madala ena omwe ankandidikira pa bawo Lachitatu lililonse. Ndikapanda kupita ankatuma mwana kudzandifunsa ngati ndadwala.

Mwana wa ku Chitipa

Pepani, ine ndinena zosiyana pang'ono. Ananditumiza ku Makanjira ndili ndi zaka 23, Chiyao osachidziwa, nyumba yodontha, malipiro oyamba anachedwa miyezi. Palibe anandibweretsera utaka. Sindikuti madamuwo musawathandize, athandizeni ndithu. Koma pasukulu panupo mulibe mphunzitsi wa ku Karonga kapena ku Nsanje yemwe nayenso amalira m'nyumba? Mumuyang'anenso ameneyo.

China n'chakuti muziphunzitsira limodzi. Mwana akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE sapata, ngakhale atakhoza zina zonse. Madamuwo chinenero ndi chawo, koma mafunso a MANEB ndi kalembedwe ka note making mukuzidziwa ndinu. Kuno anyamata a Fomu 3 mtima uli ku Joni kapena ku usodzi, ndiye pamafunika wodziwa makolo awo.

Namwino wa pa Boma

Chimodzi chokha. Ndi kutenthaku adzafuna kukasamba kunyanja. Auzeni za likodzo, makamaka malo a bango omwe mumakhala nkhono, ndipo akasambamo adzapite kuchipatala akalandire mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel. Neti asaichotse ngakhale kutenthe bwanji.

Mphunzitsi wa ku Malindi

Zikomo nonse. Achimwene a ku Chitipa, mawu anu andilasa. Tili naye mnyamata wa Masamu wochokera ku Rumphi, wabwera teremu yomweyi, ndipo kunyumba kwake sindinapondeko. Ndamuitana Loweruka adzadye nafe nsima.

Za madamu, mayi a kunyumba anakawapempha Lachiwiri kuti akawaperekeze kudoko kukagula usipa. Anapita, ndipo anapatsa moni azimayi a pathandala m'Chiyao. Katchulidwe kanapotoka, azimayiwo n'kuyamba kuwabwerezetsa mpaka anakhoza, kenaka anawaonjezera basera. Atsikana a Fomu 3 nawonso awapempha kuti aziwaimbira wezulo pa netibo Lachinayi lililonse, ndipo avomera. Ashehe ndikawaona mawa akatuluka ku Juma, mapemphero a Lachisanu. Abiti, dzina lija mumamupatsa ndinu azimayi kapena timadikira amfumu?