Kodi matuza akumalo obisika angakweze vayiro lodi?

Membala wobisa dzina: Admin bisani dzina chonde. Ndine mayi wa ku Lizulu, ndimamwa ma ARV. Vayiro lodi yanga (kuchuluka kwa HIV m'magazi) yabwera yopitirira 1000, pomwe kale kachilombo sikankaoneka n'komwe. Tsiku lotenga magazilo ndinali ndi timatuza kumalo obisika, toyabwa kenako n'kuphulika, mkodzo ukakhudza ngati tsabola. Anamwino anati ndi herpes. Kodi ndi imeneyi yakweza? Bambo akunyumba alibe kachilombo, ndiye tulo sindikutiona.

Wa ku Tsangano: Amayi, amenewo si mashingozi? Achimwene anga anawatuluka m'nthiti.

Namwino wopuma, Dedza: Ayi bambo, n'zapachibale koma n'zosiyana. Mashingozi amachokera ku kachilombo ka katsabola ndipo amagwira mbali imodzi ya thupi. Za amayiwa nthawi zambiri ndi HSV-2, kachilombo ka herpes ya kumalo obisika. Tizilombo tonse tiwiri timabisala m'mitsempha moyo wonse, n'kumadzuka chitetezo chikatsika.

Amayi, herpes ikadzuka thupi limatumiza maselo a chitetezo otchedwa CD4 pachilondapo, ndipo HIV imaswana m'maselo omwewo akatakasuka. N'chifukwa chake mwa anthu osamwa ma ARV kachilombo kamachuluka m'magazi ndi kumaliseche nthawi ya zilonda. Koma kwa womwa mankhwala mwandondomeko, herpes payokha kufikitsa pa 1000 n'kovuta. Kawirikawiri ndi kudumphitsa kumwa ma ARV, kapena kachilombo kayamba kupima mankhwalawo. Mwina mwayambanso mapiritsi owonjezera magazi? Amene aja mukamwera limodzi ndi ma ARV a TLD pamimba popanda kanthu, mankhwala salowa bwino m'thupi. Akakupatsani uphungu n'kuyezanso pakatha miyezi itatu.

Membala wobisa dzina: Owonjezera magazi ndikumwadi, m'mawa ndisanapite kukagulitsa kachewere. Nanga acyclovir, mankhwala a herpes aja, ndikamamwa tsiku lililonse, bambowa atetezeka?

Namwino wopuma, Dedza: Zinayesedwa zimenezo. Kafukufuku wa mabanja oposa 3,000 m'mayiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo Zambia ndi Tanzania, anatuluka mu 2010: acyclovir anatsitsako vayiro lodi pang'ono ndi kuchepetsa zilonda, koma kupatsirana HIV sikunachepe. Iyeyo ndi wa matuzawo basi, ndipo amagwira bwino mukayamba msanga, pongomva kuyabwa. Panopa kondomu, zilonda zikakhalapo dikirani zipole, ndipo bambo akafunse za PrEP, mankhwala oteteza amene alibe HIV kuti asatenge. Za mapiritsi a magaziwo mukawauze a kuchipatala sabata ino.

Wa ku Bembeke: Kumuuza mwamuna za kondomu m'banja, apo ndiye pali ntchito. Pitani nawo limodzi akamve okha kwa adokotala.