Ndatopa naye Lilongwe, ndisamukire tauni iti yotchipa koma yabwino?

Membala wobisa dzina: Adimini chonde mundibisire dzina, alamu anga ali pagulu pompano. Ndine mayi wa ana awiri, tikukhala ku Area 25. Alandilodi akwezanso lendi kachiwiri chaka chomwechino, chonsecho chitseko cha kubafa chinathothoka kalekale, timatchinga ndi chitenje. Mita ya magetsi ndi imodzi mabanja atatu, mayi a nyumba yakumbuyo amaphikira nyemba pa hotplate, koma likafika tsiku losonkha za mayunitsi foni yawo sipezeka. Alamu ndikunenawo anabwera kuti angokhala sabata imodzi akufunafuna ntchito, pano ndi eni nyumba, bonya akuti amawatupitsa m'mimba. BP yanga yakwera. Ndikufuna tauni yozizirirako, lendi yotsika, sukulu ndi chipatala pafupi. Za kumudzi kwa apongozi musanditchulire, nkhani yake ndi yaitali. Onyoza mungodutsa.

Mzomba Weniweni: Achemwali musavutike, ZOMBA. Likulu la dziko lino linali konkuno mpaka 1975, azungu aja sanali opusa posankha malo. Madzi athu amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ozizira osafuna filiji. Central Hospital ilipo, yunivesite ilipo. Nyumba mufufuze ku Chinamwali, Matawale kapena Sadzi. Pamsika masamba, mapeyala, nthochi zimachita kukupemphani kuti muzigule.

Make Mapasa: Koma simunanene kuti ndalama mumazipeza bwanji. Muli pantchito, mumachita geni, kapena mukudalira bambo? Nanga bambowo ntchito yawo ayisiya?

Wa ku Chibavi: Zomba ndi tauni ya mapenshonala ndi ana asukulu. Ikangokwana 7 koloko madzulo zii. Bwerani ku Mzuzu, mpweya wabwino, fumbi lochepa, anthu aulemu.

Mzomba Weniweni: Mzuzu wa mvula yosakata uja? Zovala za ana zikauma liti? Ndiye munthu akafuna kukaona abale ku Lilongwe athere tsiku mu basi. Ife Blantyre ndi ola limodzi ndi kanthu, mwapita mwaoda katundu ku Limbe mwabwerako dzuwa likadalipo.

Wa ku Chibavi: Mvula imeneyo ndi imene imatipatsa nthochi ndi khofi, bwana. Inu muzidya mbiri ya 1975.

Dalaivala wa M1: Mukathawa lendi mudzapeza lendi kkkk. Vuto si Lilongwe mayi, vuto ndi alamuwo. Mukasamuka adzakhala oyamba kukwera lole, atakhalira matilesi.

Mayi Busa: Mwana wanga, nkhani za m'banja sizibwera pa Facebook. Ankhoswe alipo chifukwa chiyani? Mlamu ndi m'bale wako, lero ndi iye mawa ndiwe. Gwada upemphere kaye usanamange katundu.

Ndatopa Nazo: Amayi, afunsa za tauni, sanafunse za ulaliki.

Wa Kaunjika: Ine ndinathawa tauni kupita ku Balaka ati nkotchipa. Nyumba inalidi yotchipa, yaikulu, mpanda wake. Koma kutentha kwake mu Okutobala timagona pakhonde, madzi a pamjigo wa kwathuko amchere, sopo osachita thovu. Belo ya kaunjika imene ku Lilongwe ndimatha sabata ziwiri inakhala mpaka zovala kusuluka ndi dzuwa, anthu amangogwira nkufunsa mtengo basi. Dobadoba amene anandipezera nyumbayo anandidyeranso ndalama ya mwezi wathunthu. Ndinabwerera mpamba utatha, pano ndili kwa Chinsapo chipinda chimodzi.

Mzomba Weniweni: Mwaona? Balaka, Liwonde, Mangochi, Salima konseko ndi ng'anjo, udzudzu wake malungo mwezi ndi mwezi. Ndanena kale, ZOMBA.

Mphunzitsi Wopuma: Inu a ku Zomba muziwauzanso zoona. Ku Chikanda ndi madera oyandikira yunivesite alandilodi anagawa nyumba m'tizipinda, amalipiritsa ophunzira pamutu, ndiye banja kuti lipeze nyumba yonse pamtengo wabwino nkovuta. Komanso chichitikire namondwe wa Freddy mu 2023, nyumba ya m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri muziyamba mwafunsa oyandikana nawo kuti madzi amafika pati. Mayi, ganizirani Dedza. Nkozizira, kachewere ndi kabichi nzotchipa makamaka mukatsikira pa Lizulu, chipatala cha boma chilipo, ndipo Lilongwe ndi makilomita osafika 100. Kungoti mu Juni ana muwagulire majuzi enieni. Musasamutse ana pakati pa teremu, ndipo malo kusukulu mukapezeretu.

Mzomba Weniweni: Dedza ndi tauni kapena siteji ya basi? Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, musawasokoneze mayiwa.

Wa ku Joni: Inu mukulira lendi ya ku Malawi? Bwerani kuno muone chipinda chimodzi anthu anayi, chotchinga ndi katani.

Make Mapasa: Ndafunsa kale sindinayankhidwe. Ngati bambo amagwira ntchito mu Lilongwe, yankho ndi Lumbadzi, Nathenje kapena Mitundu, koma muwerengere ya minibasi tsiku ndi tsiku, nthawi zina imameza yonse mwapulumutsa pa lendi ija. Ndipo kulikonse mufune nyumba ya mita yakeyake, mukonzekerenso lendi ya miyezi itatu yoyambira.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, kupatula a Dalaivala, sizoseketsa. Lero alamu aja atenga tchaja yanga osapempha, mayi akumbuyo aja ayanika zovala pa chingwe changa. Ndiye pakati pa Zomba ndi Dedza ndi kuti kuli masaluni ochepa?

Make Mapasa: Ndiye kuti mumaluka tsitsi? Mayi, tangoyankhani, mwezi ukatha mumakhala ndi zingati?

Mzomba Weniweni: Achemwali bwerani ku inbox. Ndili ndi nyumba ya zipinda ziwiri ku Chinamwali, anthu akutuluka mwezi uno. Mita ndi yogawana koma anzanuwo ndi anthu opemphera.